Ndudu zamagetsi: mafunso ochokera pagombe la Nkholongue

Ku Cape Town aphungu a South Africa akhala akukokana kuyambira 2022 pa bilu yofuna kuti ndudu zamagetsi zizitsata malamulo ofanana ndi a ndudu wamba. Ku Britain ndudu zamagetsi zosuta n'kutaya zinaletsedwa pa 1 June 2025. India inatsekeratu malonda ake onse mu 2019, ndipo Uganda inali itatero kale m'lamulo lake la 2015. Nanga ife a pa Nkholongue, m'boma la Lago, kumene ambiri sanachigwirepo m'manja chinthu chimene achinyamata amangochitcha vape, tikulowererapo chifukwa chiyani? Tikulowererapo chifukwa Niassa amalima fodya, amasuta fodya, ndipo ana ake amapita ku Nampula, ku Lilongwe, ku Maputo ndi ku Joni n'kubwerako ndi zimene aona kumeneko. Foni yam'manja inafika kuno. Mowa wotchipa wa m'timabotolo tapulasitiki unafika. Ichinso chidzafika, ndipo tikufuna kudziwa kuti chidzapeza lamulo lotani.

Chipangizocho si chozizwitsa ayi. Muli batire, kawaya kamene kamatentha, ndi timadzi tosakaniza zinthu zinayi: propylene glycol, glycerin, nikotini ndi zonunkhiritsa. Munthu akakoka, kawayako kamasandutsa timadzito nthunzi. Palibe tsamba limene likupsa, choncho mulibe phula ndi mpweya woipa zimene zimabadwa fodya akamayaka, ndipo zimenezo n'zimene zimapha osuta ambiri. Nikotini ndiye mwini chibaba, koma khansa ya m'mapapo imachokera makamaka ku utsi. Amene anapanga chipangizo chofala masiku anochi ndi Hon Lik, katswiri wa mankhwala wa ku China, mu 2003. Iye mwini anali wosuta kwambiri, ndipo bambo ake anamwalira ndi khansa ya m'mapapo.

Osuta vape akamadandaula za malamulo, dandaulo lawo lalikulu ndi limodzi. Amati: ndinasuta ndudu zaka zambiri, ndinayesa kusiya n'kulephera, chinthu ichi chandichotsako, mukachiletsa kapena kuchikweza mtengo ndi msonkho, mukundibweza ku ndudu. Kodi akunama? Gulu la akatswiri la Cochrane, limene limasonkhanitsa kafukufuku wa m'maiko ambiri, lapeza umboni wamphamvu wakuti ndudu yamagetsi ya nikotini imathandiza anthu kusiya fodya kuposa zigamba zomata pakhungu ndi chingamu cha nikotini. Boma la England linafika polengeza mu 2023 kuti lipereka zipangizozi kwaulere kwa osuta 1 miliyoni kuti asinthe. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likuona mbali ina: lati nthunziyo ili ndi zinthu zoipa m'thupi, kuti zotsatira za kusuta zaka makumi angapo sizinaonekebe, ndiponso kuti ana amene sanakhudzepo ndudu akukodwa. Mu December 2023 linapempha maboma kuti achitepo kanthu msanga. Zonse ziwirizi n'zoona. Kwa bambo amene wasuta chingambwe zaka 30, vape ndi kutsika phiri. Kwa mtsikana wa zaka 15 amene mapapo ake ngoyera, ndi chiyambi cha ukapolo wa nikotini. Lamulo lanzeru liyenera kuwaona anthu awiriwa payekhapayekha. Kodi amene amalemba malamulo athu amawaona?

Tiyambe ndi zimene zinalembedwa kale. Mu 2007 boma la Mozambique linatulutsa Decreto 11/2007, loletsa kusuta m'malo osonkhana anthu, m'zipatala, m'masukulu ndi m'magalimoto onyamula anthu, komanso loletsa kugulitsa fodya kwa aliyense wosakwana zaka 18. Mu 2017 dziko lathu linavomereza pangano la WHO lolimbana ndi fodya, limene pa ndime 16 limapempha maiko kuti ayesetse kuthetsa malonda a ndudu imodziimodzi, chifukwa ndudu yogula imodzi ndiyo imene mwana angaikwanitse. Tsopano tifunse moona mtima. Ndi pabenchi iti ya m'mphepete mwa nyanja muno pamene ndudu saigulitsa imodziimodzi? Ndi wamalonda uti amene anakanapo ndalama ya mwana wotumidwa ndi amalume ake kukagula fodya? Ndani wa ife akulu amene sanatumepo mwana wotero? Akale anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Lamulo limene lili m'mabuku ku Maputo koma silikudziwika pagombe ndi fodya wa pachala. Ngati ndime yosavuta yoteteza mwana ku ndudu yakhala zaka zonsezi osatsatidwa kuno, ndime zatsopano za mabatire ndi mamilimita a timadzi adzazitsata ndani, ndipo adzayendera ndani?

Funso limeneli si lonyoza lamulo. Tikulifuna lamulo. Chimene tikukana ndi lamulo longokopera la kwa eni, lolembedwa ngati kuti dziko lonse ndi msewu wa Avenida Julius Nyerere wa ku Maputo.

Mwachitsanzo, maiko a European Union anaika malire omveka: nikotini asapitirire mamiligalamu 20 pa mililita imodzi, botolo lowonjezera lisapose mamililita 10, ndipo chivundikiro chake chikhale chakuti mwana sangatsegule. Malire amenewa ngabwino, ndipo tingakonde kuwaona kuno. Koma kumeneko kuli malo oyezera. Kwathu kuno botolo likalembedwa kuti 20, ndani adzatsimikiza kuti m'katimo mulidi 20 osati 50? INNOQ, imene imayang'anira miyezo ya katundu, yapatsidwa zida ndi anthu ogwira ntchito imeneyi? Oyendera malonda a boma akachoka ku Lichinga, ulendo wa makilomita oposa 100 kukafika ku Metangula, adzakhala ataphunzitsidwa kusiyanitsa chenicheni ndi chachinyengo? Osuta vape ali ndi ufulu wonse wofunsa zimenezi, ndipo pamenepa tili nawo limodzi. Mu 2019 ku United States kunabuka matenda a m'mapapo amene pofika February 2020 anali atagoneka m'chipatala anthu oposa 2,800 ndi kupha 68. Ofufuza anapeza kuti gwero lake lalikulu linali vitamin E acetate, mafuta amene anthu osavomerezeka ankathira m'timadzi ta chamba togulitsidwa mobisa. Zinthu zimenezi zimapha pamene palibe woyeza. Ngati zinachitika m'dziko la zipatala zikuluzikulu, zingathe bwanji pamudzi pamene wodwala amayamba wadutsa msewu wafumbi kuti akafike ku Metangula?

Pali ngozi ina imene siitchulidwa kawirikawiri. Timadzi ta nikotini tikamwedwa ndi poizoni, makamaka kwa khanda. Kabotolo kofiira konunkhira mango kakasiyidwa pamphasa, mwana wokwawa adzakapititsa kukamwa. Chenjezo la pabotolo likhala m'chinenero chanji? M'Chingerezi cha kumene kachokera? M'Chipwitikizi chimene agogo olera mwanayo sawerenga? Rádio Moçambique ku Lichinga imaulutsa m'Chinyanja ndi m'Chiyao tsiku ndi tsiku. N'chiyani chingaletse Unduna wa Zaumoyo kuuza anthu kudzera pamenepo, m'mawu awoawo, kuti chinthu ichi n'chiyani, chimathandiza yani ndipo chimaononga yani?

Ena adzati: bwanji osangoletsa zonse monga anachitira India, nkhani ithe? Abale athu a ku Joni ali ndi yankho, chifukwa anaziona ndi maso. Pa nthawi ya Covid-19, kuyambira kumapeto kwa March mpaka pakati pa August 2020, South Africa inaletsa kugulitsa fodya yense pamodzi ndi vape. Osuta ambiri sanasiye. Anangosamukira kwa ogulitsa mobisa, n'kumagula pamtengo wokwera ndudu zosadziwika kumene zapangidwa, boma n'kutaya msonkho, ndipo ozembetsa anazika mizu imene ikuvutabe kuzula mpaka lero. Pambuyo pake khoti lalikulu la ku Western Cape linagamula kuti chiletsocho chinali chosemphana ndi malamulo aakulu a dzikolo. Limenelo ndi dziko la apolisi ambiri ndi zipata zolondedwa. Ife malire athu ndi madzi. Wochoka pa Cóbuè amaona Likoma ndi maso, ndipo mabwato amawoloka tsiku lililonse ndi ufa, sopo, shuga ndi nsomba. Kachipangizo kolowa m'thumba la malaya kadzaimitsidwa ndi ndani pakati pa nyanja? Chiletso chotheratu sichidzachotsa vape ku Lago. Chidzangoonetsetsa kuti imene ifike ikhale yosayezedwa, yosalembedwa, yogulitsidwa ndi munthu amene safunsa zaka za wogula.

Ndiye pali funso la anansi. Malawi inalowa m'pangano la WHO lija mu 2023. Malawi ndi Mozambique amamwa nyanja imodzi, amalankhula chinenero chimodzi m'magombe ake, ndipo onse ndi olima fodya. Kodi nduna za zaumoyo za Maputo ndi Lilongwe zakhalapo pansi kuti malire a nikotini, zaka za wogula ndi msonkho zikhale zofanana tsidya lino ndi tsidya ilo? Zikasiyana, wopindula ndi wozembetsa yekha.

Za msonkho tinene mosapsatira. Pa 1 June 2023 South Africa inayamba kudula R2.90 pa mililita iliyonse ya timadzi ta vape, kaya muli nikotini kaya mulibe. Boma lililonse lili ndi ufulu wodula msonkho, ndipo mtengo wokwera umathandizadi kutalikitsa ana. Koma tiyeni tiwerengere limodzi. Ngati msonkho upangitsa kuti chinthu chosaopsa kwambiri chikhale chodula kuposa chinthu choopsa kwambiri, wosuta wosauka asankha chiti? Ndudu imodzi pabenchi ndi ya timakobidi. Chingambwe amachipichira yekha ndi pepala la kope yakale. Ngati bungwe lathu lotolera msonkho la Autoridade Tributária likufuna ndalama za fodya, bwanji osayamba ndi kukweza msonkho wa ndudu yoyaka, imene WHO imati imapha mpaka theka la oisuta osasiya? Kodi cholinga ndi kuchepetsa maliro kapena kudzaza thumba la boma? Zonse n'zotheka pamodzi, koma pokhapokha msonkho utatsata kukula kwa ngozi.

Tsopano titembenukire kwa inu osuta vape, chifukwa mafunso sali a boma lokha. Mumati zonunkhiritsa zimakuthandizani kuiwala kukoma kwa ndudu, ndipo ambiri a inu mukunena zoona. Koma kachipangizo kooneka ngati cholembera cha mwana wasukulu, kopakidwa utoto wowala, kotchedwa dzina la switi, anakapangira bambo wa zaka 50? Zithunzi za pa TikTok ndi Facebook za anyamata otulutsa mitambo ya nthunzi zikulankhula kwa wofuna kusiya fodya kapena kwa amene sanayambe? China, kumene zipangizo zambiri za padziko zimapangidwa mumzinda wa Shenzhen, inaletsa mu 2022 kugulitsa m'dziko mwake vape ya fungo lina lililonse kupatula la fodya, koma mafakitale ake akutumizabe za mango ndi za mavwende kunja. Ngati eni ake akuona kuti n'zosayenera ana awo, ife tizilandire bwanji osafunsa? Ndipo amene mumasuta vape masana, ndudu usiku, mukuti mwasiya chiyani? Phindu limene madokotala amanena limabwera munthu akasiyiratu utsi, osati akaphatikiza ziwiri.

Dziwaninso amene akuyankhula m'dzina lanu. British American Tobacco, imene imagulitsa ndudu m'chigawo chonse chino cha Africa, ndi mwini wa vape yotchedwa Vuse. Philip Morris ili ndi zake. Kampani yogulitsa matenda ndi dzanja lamanja n'kumagulitsa pothawira ndi lamanzere siingakhale mlangizi wa nyumba ya malamulo. N'chifukwa chake ndime 5.3 ya pangano lija imauza maboma kuti atchinjirize mfundo za zaumoyo ku zofuna za makampani a fodya. Mawu a wosuta amene wasiya ndudu ayenera kumvedwa ndi aphungu. Mawu a kampani yovala malaya a wosutayo ayenera kuzindikiridwa. Kodi nyumba yathu ya malamulo, Assembleia da República, ili ndi njira yosiyanitsira awiriwa, monga kulemba poyera dzina la aliyense amene wakumana ndi komiti ndi amene wamulipirira ulendo?

Pa chinthu chimodzi sitikayika n'komwe: zosuta n'kutaya zisaloledwe. Kalikonse ka izo kali ndi batire ya lithium, kawaya, pulasitiki ndi nikotini wotsalira. Ku Britain bungwe la Material Focus linawerengera mu 2023 kuti pafupifupi 5 miliyoni zinkatayidwa sabata iliyonse, m'dziko limene galimoto ya zinyalala imafika pakhomo. Kuno chotayidwa chimathera kudzala, pamoto kapena mumchenga, ndipo mvula ikagwa mitsinje yotsika m'mapiri imakokolola zonse kupita kunyanja. Mu 2011 boma linalengeza kuti mbali yathu ya nyanja ndi malo otetezedwa, ndipo inalowa m'ndandanda wa Ramsar wa madambo ndi nyanja zofunika padziko lonse. Nyanja ino ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse padziko. Mbuna za m'miyala, usipa umene amayi amayanika pathandala, utaka, chambo ndi kampango ndizo ndiwo zathu ndi ndalama zathu. Madzi omwewo timamwa, timasamba, timatsukira mbale. Mabatire a matochi akutivuta kale m'magombe. Tiwonjezerepo ena chifukwa chiyani, pamene chipangizo chotchaja ndi kuthiramo timadzi chilipo ndipo chimamuthandiza wofuna kusiya chimodzimodzi?

Tafika pa munthu amene mkangano wonsewu umamudumpha: mlimi. Kumtunda kwa Niassa, cha ku Mandimba, Cuamba ndi Mecanhelas, monganso ku Angónia ndi Macanga m'chigawo cha Tete, mabanja ambirimbiri amadalira fodya wa bale. Amalandira mbewu ndi feteleza pangongole kuchokera ku kampani yopatsidwa dera, imene yaikulu mwa izo ndi Mozambique Leaf Tobacco ya fakitale ku Tete, ndipo amagulitsa tsamba lawo kwa kampani yomweyo. Nikotini amene akuopedwa m'kabotolo ka mamililita 10 ndi yemweyo amene amalowa pakhungu la munthu wothyola fodya wonyowa ndi mame m'mawa. Amene anagwirapo ntchitoyi amadziwa chizungulire chake, mutu, nseru ndi kusanza, ndipo madokotala anapatsa matendawa dzina kalekale. Ana amene amathandiza makolo kuthyola ndi kusoka masamba amawamva msanga chifukwa matupi awo ngaang'ono. Tingade nkhawa bwanji ndi nikotini wolowa m'mapapo a mwana wa m'tauni, n'kukhala chete pa nikotini wolowa m'manja mwa mwana wa kumunda? Magolovesi ndi malaya osalowa madzi ndi zinthu zotsika mtengo. Ndani akuonetsetsa kuti afika kwa mlimi aliyense wa pa kontirakiti?

Ndipo ngati dziko lapansi likusiyadi ndudu yoyaka, kaya chifukwa cha vape kaya chifukwa cha malamulo, tsamba la bale lidzagulidwa ndi ndani zaka 20 zikubwerazi? Ndime 17 ya pangano limene tinavomereza mu 2017 imalonjeza kuthandiza alimi kupeza mbewu zina zopindulitsa. Soya, nyemba, nandolo, chitowe ndi mtedza zimabereka bwino m'nthaka ya Niassa. Chimene chimamangirira mlimi ku fodya si chikondi cha tsambalo. Ndi feteleza wa pangongole ndi wogula wotsimikizika. Ndi mbewu iti ina imene yapatsidwa ziwirizi? Lamulo la fodya lopanda yankho kwa mlimi lidzakanidwa ndi midzi yathunthu, ndipo makampani adzaimika mlimi yemweyo patsogolo ngati chishango chawo.

Kwa olemekezeka aphungu oimira Niassa, ndi kwa a Administrador a boma la Lago, pempho lathu ndi ili. Lamulo lililonse la fodya ndi nikotini, kaya likulembedwa kaya layamba kugwira ntchito, libwere ku Metangula, ku Cóbuè, ku Maniamba ndi ku Meluluca, liwerengedwe m'Chinyanja pamaso pa mafumu, aphunzitsi, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, makomiti a asodzi ndi amalonda a pabenchi. Liletse kugulitsa nikotini wa mtundu uliwonse kwa ana, ndipo chilango chigwere wogulitsa ndi woitanitsa katundu, osati mnyamata wopezeka nako m'thumba. Liletse zosuta n'kutaya ndi kutsatsa konse. Lilole munthu wamkulu kugula chipangizo choyezedwa pamalo odziwika. Likhwimitse kwambiri pa ndudu yoyaka, chifukwa ndiyo ikudzaza manda.

Chatsala chimodzi, ndipo n'chimene chimatiwawa koposa. Msodzi amene amachezera pamadzi usiku wonse, mwera ukuwomba, amasuta kuti athamangitse tulo ndi kuzizira. Ambiri anayamba ali anyamata opalasa bwato. Pofika zaka 45 chifuwa sichimusiya, ndipo m'dziko limene chifuwa chachikulu chili ponseponse monga lathu, utsi umawonjezera ngozi yodwala ndi yofa nacho. Munthu ameneyu vape sangaikwanitse, ndipo mwina sadzaiona n'komwe. WHO inaika zigamba ndi chingamu cha nikotini pa ndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri mu 2009, ndipo ndime 14 ya pangano lathu imati boma lithandize ofuna kusiya. Bamboyu akalimba mtima mawa, n'kuyenda mpaka kuchipatala cha Metangula, n'kuuza namwino kuti amayi, fodyayu wandikwana, ndithandizeni ndisiye, namwinoyo adzatsegula kabati n'kumupatsa chiyani?